Kutsitsa mafayilo ambiri pa seva netiweki ikamadukaduka

Kuno kuchigwa cha Shire, kaya muli ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula, posankha chida chotsitsira mafayilo musayang'ane liwiro. Funsani kuti: netiweki ikaduka pakati, chidzapitiriza pomwe chinalekera? N'chifukwa chake scp, lamulo lokopera mafayilo pakati pa seva ndi kompyuta yanu, sindiilimbikitsa pa mafayilo akuluakulu. Ikaduka, fayiloyo imayambiranso pachiyambi, bandulo n'kupita pachabe.

Musanayambe, dziwani kukula kwa katunduyo (m'malo mwa dzina, seva ndi foda zili apazi, ikani zanu):

ssh dzina@seva.example.org du -sh /data/malipoti

Ikakuuzani 2G, kutanthauza magigabayiti awiri, werengerani. Pa liwiro la 200 KB pa sekondi, amenewo ndi maola pafupifupi atatu, ndiye onani ngati batire la laputopu lingafike magetsi atazima.

Ngati mumalowa pa sevayo ndi SSH, njira yotetezedwa yolowera pa kompyuta yakutali, chida chabwino ndi rsync:

rsync -avP dzina@seva.example.org:/data/malipoti/ malipoti/

-a imasunga mafoda ndi madeti monga alili. -P ndiye yofunika kwambiri, chifukwa imaonetsa pomwe mwafika komanso imasunga fayilo yomwe yatsitsidwa theka. Popanda iyo, rsync imafufuta chidutswacho netiweki ikaduka. Netiweki ikabwerera, lembaninso lamulo lomwelo. Mafayilo amene anatha idzawadumpha, ndipo lotsalira lija idzalimalizitsa.

Samalani ndi kachizindikiro ka / kumapeto kwa dzina la foda ya pa seva. Kakakhalapo, mumatenga zam'kati mwa fodayo. Kakasowa, mumatenga foda yeniyeniyo, ndipo mudzapeza malipoti/malipoti/. Yesani kaye ndi -n, imene imangoonetsa zomwe zikanatsitsidwa. Ambiri amawonjezera -z kuti deta ichepe. Imathandiza pa CSV ndi zolemba wamba, koma pa zithunzi za JPG ndi mafayilo a ZIP palibe phindu, poti ndi opanikizidwa kale. Dziwaninso kuti rsync iyenera kukhala pa makompyuta onse awiri. Ikasowa pa seva, lowani ndi sftp n'kugwiritsa ntchito mget, ndipo fayilo loduka mulipitirize ndi reget.

Ngati mwangopatsidwa malinki, alembeni mu mndandanda.txt, linki imodzi pamzere uliwonse:

wget -c -i mndandanda.txt -P malipoti --tries=0 --timeout=30

Pa wget, -c imapitiriza fayilo pomwe linalekera, ndipo -P imatchula foda yoikamo mafayilo. Mwachizolowezi wget imayesa maulendo 20 n'kusiya; --tries=0 imaiuza kuti isatope. --timeout=30 ndi ya nthawi zija foni ikuonetsa kuti netiweki ilipo koma palibe chikuyenda: ikadikira masekondi 30, imayesanso. Ngati mukugawana hotspot muofesi, ikaniponso --limit-rate=200k kuti anzanu asakudani.

Koma -c ili ndi msampha. Imangoyang'ana kukula kwa fayilo n'kulumikiza chotsala kumapeto. Ngati mwini seva anasintha fayilolo pakati pa dzulo ndi lero, mudzakhala ndi theka lakale ndi theka latsopano, PDF yokana kutseguka. Zikatero, fufutani lokhalo n'kulitsitsanso.

Mafayilo ang'onoang'ono masauzande, monga zithunzi za kafukufuku wa madzi osefukira, amachedwa chifukwa lililonse limafuna kukambirana kwake ndi seva. Amangeni pamodzi komweko ndi tar -cf zithunzi.tar zithunzi/ kenako mutsitse mtolo umodziwo. Mukamaliza, lembani sha256sum zithunzi.tar pa seva ndi pa laputopu; lamuloli limapereka nambala yozindikiritsa zam'kati mwa fayilo. Manambala akasiyana, musafufute za pa seva. Bwerezani rsync muli ndi -c kuti ifananize zam'kati mwa fayilo, osati kukula ndi deti lokha.