Maluwa a malemu Rebel

Pa gulu lathu loimba ine sindigwira choimbira chilichonse. Anga ndi mapepala ndi mipando. Ndimagawa manotsi, ndimaika mpando pamene woimba aliyense akuufuna, ndipo konsati ikamayamba ndimaima kuseri kwa katani n'kumaonetsetsa kuti palibe waiwala magalasi. Gululi ndi lija loimba ndi zoimbira zakale, za m'nthawi ya opeka nyimbo Bach ndi Vivaldi kapena zopangidwa motengera zimenezo. Mavayolini ali ndi zingwe za matumbo a nkhosa, zitoliro ndi zamtengo, malipenga alibe mabatani chifukwa mabatani anabwera cha m'ma 1815, ndipo m'malo mwa piyano tili ndi harpsichord, imene imakowa chingwe ndi kachikhadabo pamene piyano imamenya ndi kanyundo.

Mayi amene amatitsogolera, vayolini ili paphewa, safuna kumva munthu akunena kuti timangoimba za akufa. Ndiye chaka chilichonse amapempha wopeka nyimbo wamoyo kuti atilembere kanthu katsopano, n'kukaika pakati pa anthu amene anagona zaka 300 zapitazo. Opeka ambiri amabwera monyadira, kenako amadabwa. Lipenga lopanda mabatani silitulutsa noti iliyonse imene munthu waikhumba. Noti ya A, imene magulu amakono amaiika pa 440, ife timaiika pa 415, ndiye zonse zimamveka motsikirapo. Zingwe za matumbo nazo zikangomva kutentha kwa magetsi ndi mpweya wa anthu zimayamba kuchita zawo. Mtsikana amene anatilembera chaka chimene ndikusimbachi anali wochenjera: anayamba wabwera kudzakhala pakona n'kumamvetsera, asanalembe ngakhale noti imodzi.

Mutu wa konsatiyo unali chipwirikiti, ndipo mayi anasankha bwino, ndisaname. Poyamba panali Battalia, nyimbo ya nkhondo imene Biber analemba mu 1673. Mkati mwake muli malo amene asilikali aledzera, aliyense akuimba yakwawo, nyimbo 8 nthawi imodzi. Muli malo enanso amene Biber analamula kuti woimba besi alowetse pepala m'zingwe kuti zizilira ngati ng'oma ya asilikali. Panalinso chigawo choyamba cha Les Élémens ya Jean-Féry Rebel, ya mu 1737, chofotokoza dziko lisanaumbike. Chimayamba ndi manotsi onse 7 a sikelo ya D minor akulira pamodzi, phokoso loti munthu wosadziwa angalumbire kuti lalembedwa dzulo. Kenako besi imakhala nthaka, zitoliro madzi, tizitoliro ting'onoting'ono mpweya, mavayolini moto. Mtsikana uja anapeka yake potengera ya Rebel yomweyo, ndipo anazinena yekha m'kabuku ka pulogalamu. Pomaliza panali Bach, kuti anthu abwerere kwawo mitima ili m'malo.

M'kabukumo tinasindikiza chonchi: Biber, nyimbo yatsopano, kupuma, Rebel, Bach. Papepala zinkaoneka bwino kwabasi.

Anazigumula ndi bambo amene amatichunira harpsichord, munthu wamkulu wosakonda zolankhulalankhula. Kumene timayeserera tili ndi ma harpsichord awiri, koma kuholo inapita imodzi. Masana a tsiku la konsati anayang'ana kabukuko, n'kuvula magalasi.

"Achimwene, walemba izi ndani?"

Ndinati ndi mayi.

"Kawauzeni kuti sizitheka."

Nkhani yake ndi iyi. Kalelo harpsichord ankaichuna mokondera, makiyi ena a nyimbo n'kumakoma kwambiri, ena n'kumawawasa, ndipo nyimbo zakale zimadziwa kuzemba owawasawo. Ya mtsikana uja inkayenda paliponse, ndiye inkafuna kachunidwe kosakondera, kofanana ndi ka piyano. Kusintha kumeneko si kukhotetsa kabatani. Ndi chingwe chimodzichimodzi, munthu atawerama ndi kachitsulo kake, muholo muli zii. Bamboyo anati achuna kamodzi kokha, pa nthawi yopuma, ndipo wofuna zoposa pamenepo agule harpsichord ina. Anthu amaganiza kuti ndondomeko ya konsati imachokera m'mutu mwa mtsogoleri. Pa gulu ngati lathu mawu omaliza amakhala a matabwa, matumbo ndi bambo wa kachitsulo.

Basi tinasinthanitsa. Rebel anabwera pa nambala 2, nyimbo yatsopano inapita kuseri kwa kupuma, ndipo Bach tinati apirire kachunidwe ka piyano. Timabuku tinali titagawidwa kale pakhomo. Mayi anati, "Ukangotuluka n'kuwauza anthu tisanayambe. Ndi mawu ochepa chabe." Ndinalemba mawu ochepawo papepala, zilembo zikuluzikulu, chifukwa ine kulankhula pagulu kumandiumitsa pakamwa. Pepalalo ndinaliika pampando kuseri kwa katani n'kupita kukasaka magalasi a woimba chitoliro.

Pobwera, pepala palibe. Oimba anali atakhala kale pansanja, magetsi a muholo akuzima, mayi akundikodola. Ndinatuluka manja ali lende, maikolofoni yokha m'dzanja.

Moni ndinapereka bwino. Za mafoni ndinanenanso bwino. Ndiye ndinati, "Pali kusintha pang'ono pa..."

Amene sanaonepo theorbo amve izi. Ndi choimbira cha zingwe zambiri, chamimba yozungulira, ndipo khosi lake limatalika moti choimbira chonsecho chimatha kulingana ndi munthu wamtali ataimirira. Woimba wake akatembenuka pang'ono, nsonga ya khosilo imayenda ulendo wautali. Wathu anatembenuka kuti anong'oneze mnzake wa cello, vayolini yaikulu yoimika pansi, ndipo nsongayo inandipeza pakhutu penipeni. Pha! Maikolofoni inalitenga phokosolo n'kuligawira holo yonse. Anthu anafa nako kuseka, ena n'kuyamba kuwomba m'manja poganiza kuti ndi sewero lokonzedwa, poti mutu wa konsati unali chipwirikiti. Mayi, amene anali atatembenukira oimba ake, atamva m'manja anati ndamaliza. Anakweza uta, Biber n'kuyamba. Ine ndinabwerera kuseri chokwawa ndi khoma, khutu likulira lokha.

Ndili kuseriko ndinaliona pepala langa. Nthawi ya ng'oma ya asilikali itakwana, woimba besi anapisa m'thumba, n'kutulutsa pepala lopindidwa kawiri, n'kulilowetsa m'zingwe. Zilembo zanga zikuluzikulu ndinkaziona ndili patali, zikunjenjemera. Lake anali ataliiwala, ndiye anangotola limene linali pafupi. Linalira bwino, ndisamunamizire.

Kenako Rebel. Manotsi 7 aja atagwa pamodzi ndinasuzumira pakatani. Anthu anayang'ana m'timabuku tawo, anaona mawu akuti nyimbo yatsopano, ikuimbidwa koyamba, n'kukhala tsonga. Ena anapinda manja. Ena anatseka maso n'kumagwedeza mutu, kusonyeza kuti zamakono amazimva. Mzere wachitatu, mtsikana wopeka uja anali phee, akudikira kuti wina anene kanthu.

Itatha, mayi anakumbukira kuti chilengezo chija sichinafike kumapeto. Anayang'ana kumene ndinali n'kundikodola ndi dzanja lonse kuti ndibwere ndidzamalize. Tsono pa konsati, nyimbo yatsopano ikatha, mtsogoleri akakodola munthu wosagwira choimbira kuti abwere pansanja, aliyense amadziwa kuti ameneyo ndi ndani. Ndinatuluka nditavala suti yanga yakuda, khutu limodzi litatupa, ndipo m'manja munawirikiza. Ndinakweza maikolofoni, koma wa zokuzira mawu anali ataizimitsa chiphulikire phokoso la theorbo lija. Pakamwa pankayenda, mawu osamveka. Pomwepo mtsikana wogwira ntchito muholomo, amene anauzidwa m'mawa kuti nyimbo yachiwiri ikatha apereke maluwa kwa amene mayi amuitane, anatulukira kumbali ina n'kundiunjikira mtolo wonse m'manja.

Munthu uli ndi maluwa m'manja, holo yonse ikukuwombera, umatani? Ndinawerama. Kumbuyo kwanga ndinamva woimba besi akutsamwa ndi phwete. Ndinaweramanso, poti m'manja simunkatha.

Pa nthawi yopuma ndinkafuna kubisala, koma njira yopita ku ofesi imadutsa pamene anthu amaimirira. Woyamba kundigwira anali mnyamata wa tsitsi lalitali, wophunzira zopeka nyimbo, maso akuwala.

"Akulu, chiyambi chija! Mwalimba mtima bwanji! Pa zoimbira zakale, kuika manotsi onse pamodzi chonchija, sindinamvepo."

Ndinati si ine, ndi Rebel.

"Eya, ndawerenga m'kabukumu kuti munatengera kwa iye. Koma inu mwapitirira."

Ndisanamuyankhe, ndodo inandigogoda pansapato. Anali bambo wina wokalamba amene amabwera konsati iliyonse, amakhala mzere woyamba, ndipo amadziwa mayina a oimba onse kupatula langa.

"Mwana wanga, nyimbo unaphunzira kuti?"

"Bambo, ine sindi..."

"Usandidule. Poyamba paja ndimayesa kabati ya mbale yagwa. Ine ndakhala ndikumvera gulu limeneli usanabadwe. Inu ana a masiku ano mukaona zoimbira zabwino mumafuna kuzizunza. Tikalowamu ukhale pansi umvetsere Rebel. Umve mmene akuluakulu ankalemekezera khutu la munthu."

Ndinati, "Chabwino bambo," chifukwa ndodo inali idakali pansapato yanga.

Kuseri ndinapeza woimba theorbo akundidikira ndi kansalu konyowa. Kupepesa kwake kunali kwa mtundu wake. Anati ndithokoze, chifukwa wopeka nyimbo wina, Lully, mu 1687 anadzibaya phazi ndi ndodo yotsogolera oimba, bala linawola, munthu n'kumwalira, pamene ine ndangotupa khutu. Mtsikana wopeka uja analowa, anayang'ana ine, anayang'ana maluwa.

"Achimwene, muwagwire bwino amenewo. Musawafinye."

"Achemwali, pepani, ndikakonza pompano."

Ndipo ndinapitadi kukakonza. Anthu atakhala pansi ndinatuluka, maikolofoni itayatsidwa, nditaima kutali ndi theorbo. Anandilandira ndi m'manja. Ndinadikira, kenako ndinanena momveka bwino kuti nyimbo imene amva ija si yanga, ine sindinalembepo kanthu, mwini wake ndi Rebel, ndipo ulemu wonse upite kwa iye. Holo yonse inati "aaa" mokhudzidwa. Mayi wina kutsogolo anagwira pamtima. Anamva munthu wodzichepetsa akuthokoza mphunzitsi wake, monga amachitira opeka onse. Ndinayesa kuwonjezera kuti imene ikubwerayi ndiyo yatsopano, koma m'manja munali mutayambanso, ndipo bambo wochuna, amene anali atangomaliza ntchito yake ndipo sankafuna kuti harpsichord iyambe kutsika tikulankhula, ankandiloza chitseko ndi kachitsulo.

Nyimbo ya mtsikanayo inali yofatsa. Anatenga manotsi 7 aja n'kuwamasula limodzilimodzi, pang'onopang'ono, theorbo ikuyankhana ndi zitoliro, harpsichord ikuyenda m'makiyi onse mopanda phokoso. Inali yokoma zedi, ndipo ndinaiwala khutu kwa kanthawi. Bambo wa ndodo uja anali atatseka maso, chala chikuyenda m'mwamba. Pakati pake anatsegula diso limodzi, anandipeza pakatani, n'kundigwedezera mutu kuti ukumva, mwana iwe?

Itatha mayi anatsika okha pansanja, anakamugwira dzanja mtsikanayo n'kukwera naye, ndipo anatchula dzina lake mokweza popanda maikolofoni. Apa ndiye anthu ambiri anazindikira. Kuseka kunayambira kumbuyo n'kumabwera kutsogolo mzere ndi mzere, anthu akutembenuza timabuku, akulozerana. Mnyamata wa tsitsi lalitali anabisa nkhope m'manja. Ine ndinatuluka ndi maluwa aja, atafota mbali imene ndinkagwira, n'kuwapereka kwa mwini wake, ndipo anthu anandiwomberanso m'manja, ulendo uno pa ntchito imene ndinaigwiradi.

Bambo wa ndodo yekha ndiye sanasunthike. Bach atatha ndinamuona pakhomo atagwira dzanja la mtsikanayo ndi manja awiri.

"Mwana wanga, Mulungu akudalitse. Ndiwe unatifukulira nyimbo ya Rebel imeneyi? Unaipeza kuti? Uzipitiriza, mwina anzako aja angaphunzirepo kanthu."

Mtsikanayo anati, "Zikomo bambo," n'kundiponda chala kuti ndisatsegule pakamwa.

Patapita masiku kunabwera kalata ku ofesi, yolembedwa pamanja, masamba awiri. Bamboyo anayamikira Biber, anayamikira Bach, anati Rebel anamugwetsa misozi. Kenako anapempha mwaulemu kuti gulu lisadzaimbenso nyimbo za amene analemba chinthu chachiwiri chija, ndipo ngati n'kotheka munthuyo alangizidwe kupeza ntchito ina. Mayi anaiwerenga, n'kuiika patebulo langa kuti ndiyankhe, poti nkhaniyo ndinkaidziwa bwino.

Ndinalemba kuti madandaulo awo tawamva, ndipo tikuwatsimikizira kuti amene anapeka nyimbo yachiwiriyo sadzalembanso ina iliyonse. Mayi anasaina, anaganiza pang'ono, n'kuwonjezera m'munsi ndi cholembera chawo kuti munthuyo anasiya kale ntchitoyi mu 1747.