Mwayi ndimayenda nawo m'chikwama

Anthu akaona mabotolo anga a chiponde pashelefu m'magolosale a ku Area 25 ndi ku Kawale amati, "Mayi uja ali ndi mwayi." Ena amanong'onezana kuti ndinakhwima, ati geni siyenda popanda chizimba. Sindiwakwiyira. Iwo amaona botolo, saona mwezi wa Juni ndili ku Mchinji, fumbi lili mbuu m'tsitsi, ndikukangana ndi mwini sikelo.

Geni ya chiponde umapindula kapena kuluza tsiku logula mtedza. Kuyambira Meyi mpaka Julayi alimi amakhala atangofukula, mtedza uli mbwee, mtengo uli pansi. Pofika Novembala aliyense akusaka mbewu, ndipo wotsala pang'onowo mavenda a kumsika wa Mgona ku Lilongwe amautchula mtengo umene akufuna. Choncho ine ngongole ya kubanki m'khonde ndimatenga mu Epulo, ndalama n'kukhala zokonzeka mtedza usanatuluke m'munda.

Ndimagula mtedza wa mtundu wa CG7, wofiira uja, chifukwa uli ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimatuluka chofewa. Chalimbana ndi wokoma kukazinga ndi kusinja nsinjiro, koma pa ntchito yangayi ayi. Ndiponso ndimagula wosasenda. Pali chizolowezi chowaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, ena amachitiranso dala kuti thumba lilemere pasikelo. Mtedza woterowo umachita chuku, ndipo chukucho chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene safa ngakhale ukazinge bwanji. Ndiye ndimatenga khoko, kuligwedeza pakhutu. Likalira kuti tchekete, wauma. Ndikaliswa n'kuluma njere, iyenera kuthetheka, osati kunyung'unyika ngati mbatata yophika. Kunyumba timasenda tokha, timasankha pa lichero njere imodziimodzi, zonyala ndi zakuda timataya. Ntchito yake ndi yowawitsa msana, ndipo palibe amene amaitchula kuti mwayi.

Mu Novembala 2023 Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, anzanga opanga chiponde analira ndi mitengo ya mabotolo ndi shuga. Ine chipinda chinali chodzaza matumba ndi makatoni a mabotolo ogula kale. Apo ndiye mawu a mwayi aja anachuluka. Komatu Kwacha yomweyo inali itagwetsedwapo ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, tonse tikuona. Chiyambire nthawiyo, ndalama ikalowa pa Airtel Money kapena Mpamba sigonamo, ndimaisandutsa katundu.

China n'chakuti sindichoka pakhomo popanda kabotolo kakang'ono ndi timasupuni m'chikwama. Mu minibasi, kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, pamzere wa kubanki, paliponse. Ndikalowa mu golosale sindiyamba ndi mtengo. Ndimati, "Achimwene, talawani kaye." Akagwedeza mutu ndimawasiyira mabotolo angapo, "Mudzandipatse zikatha." Ambiri amakana, ena osalawa n'komwe, ndipo manyazi amandigwira ndithu. Koma safunsa anadya phula. Kasitomala wanga wamkulu lero ndi amayi ena a sukulu ya mkaka amene amathira chiponde m'phala la ana. Tinakhala moyandikana mu minibasi ya ku Likuni, iwo akudandaula pafoni kuti wowabweretsera sanabwere. Atadula foni ndinangoti, "Pepani amayi, ndamva nawo," n'kutsegula chikwama.

Sindikunena kuti zonse munthu amazipanga yekha. Mvula ya 2024 inadula pakati, boma mpaka kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo palibe kuchenjera kumene kukanaigwetsa. Komanso kukazinga mtedza osapsereza ndinaphunzira kwa amayi anga ndili mwana, sindinalipire kanthu.

Panopa masitolo akuluakulu a m'tauni akundifunsa chizindikiro cha bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards, ndipo popanda chimenecho salola botolo pashelefu. Ndiye phindu la chaka chino likupita ku simenti ndi matailosi. Kachipinda kakuseri ndikukakonza kuti kakhale kopangiramo chiponde chokha, osatinso kosungiramo njinga ndi makasu, kuti oyendera akadzabwera ndisadzachite manyazi kuwatsegulira.