Tikiti ndinagula, koma ku Berlin anandilipitsabe ma euro 60

Ndabwerako ku Berlin, miyendo ikadali kuphwanya, ndipo mtima sunakhale pansi mpaka pano. Tinapita awiri, ine ndi achemwali anga, kunyamuka ku Manchester Lachisanu m'mawa, kubwerera Lamulungu usiku. Mzindawo ndi wabwino, sindikana. Koma amene mukufuna kupitako, mverani ichi choyamba: mukagula tikiti ya pepala ya sitima kapena basi, muidinde musanayambe ulendo. Kugula kokha sikuthandiza.

Ife titatsika pa bwalo la ndege tinachita zonse mwaulemu. Mzindawo anaugawa m'zigawo zitatu, A, B ndi C, ndipo bwalo la ndege lili mu C, choncho tinagula matikiti a ABC pa makina. Kenaka tinayang'ana geti loti tilowetsepo tikiti ngati ku London. Kulibe. Umangotsika masitepe n'kukwera sitima, wokufunsa palibe. Kabokosi kakang'ono kali papulatifomu tinakaona ndithu, koma achemwali anati mwina n'koimbira pakagwa ngozi. Kameneko ndiye kodindira. Umalowetsa tikiti, iko n'kusindikiza tsiku, nthawi ndi siteshoni. Tikiti yopanda chidindo amaiwerengera ngati sunalipire, poti ungathe kuigwiritsanso ntchito mawa.

Tisanafike pakati pa mzinda, zitseko zitangotsekeka, anyamata awiri ovala majini ngati anthu wamba anatulutsa ziphaso zawo n'kuyamba kuyendera aliyense. Ine ndinapereka tikiti yanga ndi manja awiri, ndikumwetulira. Mmodzi anaitembenuza uku ndi uku n'kupukusa mutu. Anatitsitsa pa siteshoni yotsatira, masutikesi ali m'manja, anthu akutiyang'ana ngati taba nkhuku. Ndinalongosola kuti ndife alendo, tangotsika ndege, matikiti awa tagula mphindi makumi awiri zapitazo. Iye Chingerezi amachimva bwino lomwe, koma yankho linali limodzi: ma euro 60 munthu aliyense. Awirife 120. Anatenga mapasipoti, kulemba maina, kutipatsa timapepala tolipirira. Achemwali anangoti, "Iwe, usiye, ungatimangitse kudziko la eni."

Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ulendo wa masiku atatuwu unali utandidyera kale ndalama usanayambe. Ndi pasipoti ya Malawi, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsa ku Germany, uyenera kupeza viza ya Schengen. Mtengo wake ndi ma euro 90 kuyambira mu June 2024, kuwonjezapo ya ofesi yolandira mapepala, inshuwalansi yokwana ma euro 30,000 ngati utadwala, kalata ya kuntchito, masitetimenti a kubanki, umboni wa hotelo ndi ndege. Tsiku lokapereka mapepala ndinalisaka milungu yambiri, ndipo pa tsikulo ndinajomba kuntchito. Yambani msanga zimenezi, musagule tikiti ya ndege yosabweza ndalama muli ndi chiyembekezo chabe.

Cholakwa chachiwiri chinali changa ndekha. Loweruka m'mawa ndinaumirira kuti tikadandaule. Tinaima pamzere pa ofesi ya makasitomala pa siteshoni ina yaikulu pafupifupi ola lathunthu. Titafika pawindo, mayi wa pamenepo anati za chindapusa sizikhudza ofesi yawo, ndipo kumene amaziona satsegula Loweruka. Anawonjezanso kuti amachepetsera okhawo amene ali ndi tikiti ya pamwezi ya dzina lawo koma anaiiwala kunyumba. Ife ayi. Potuluka pamenepo nthawi yathu yokwera pa denga lagalasi la Reichstag, nyumba ya malamulo, inali itadutsa. Kulowa kumeneko n'kwaulere, koma umalembetsa pa intaneti masiku angapo zisanachitike, amakupatsa ola lako, ndipo umanyamula pasipoti. Ine ndinalembetsa bwinobwino ndili kunyumba, n'kukataya mwayiwo pamzere wopanda pake. Mukagwidwa, lipirani basi, musataye tsiku. Kapena kungodinda tikiti poyamba pomwe.

Masana tinagula tikiti ya maola 24. Imeneyo umadinda kamodzi kokha poyamba, osati paulendo uliwonse. Tinakwera basi nambala 100, imene imayenda pakati pa Zoologischer Garten ndi Alexanderplatz, ndipo imadutsa pafupi ndi malo ambiri amene mabasi a alendo amakulipitsa ndalama zambiri kuti uwaone. Pa Brandenburger Tor, chipata chakale chotchuka cha mzindawo, tinajambulitsa ngati wina aliyense. Chapafupi pomwepo pali msewu wa Wilhelmstraße, kumene kunachitikira msonkhano wa 1884 mpaka 1885, azungu atakhala pansi kukambirana za kagawidwe ka Africa popanda mwini dziko ndi mmodzi yemwe. Nyumbayo kulibenso, pangotsala chikwangwani chofotokoza. Za msonkhanowu tinkaloweza ku sekondale, koma sindinkaganiza kuti malo ake angaoneke wamba chotero, magalimoto akungodutsa. Madzulo tinayenda m'mbali mwa East Side Gallery, chigawo cha khoma lija linagawa mzindawu kuyambira 1961 mpaka 1989, chotalika kupitirira kilomita imodzi, chonse chojambulidwa zithunzi. Pamenepo mtima unatsikako pang'ono.

Ndinaiwala za ndalama. Nyamulani za m'manja, makobidi omwe. Pamalo pamene tinagula döner, buledi wodzaza nyama ndi masamba, khadi anaikana, ndipo zimbudzi za m'masiteshoni n'zolipira. Mabotolo apulasitiki ndi zitini musataye, zambiri mwa izo zili ndi masenti 25 amene amakubwezera ukaziponya m'makina a m'sitolo. Achemwali atamva zimenezi anayamba kusunga mabotolo m'chikwama, ati tibwezeko pa 120 ija.

Lamulungu ndiye linatipusitsa. Tinasiya zogula zonse za ana kuti tidzagule tsiku lomaliza, osadziwa kuti ku Germany masitolo satsegula Lamulungu. Misewu ya mashopu inali zii. Otsegula ndi malo odyera, timagolosale tina ta m'makona, ndi masitolo a m'masiteshoni akuluakulu ngati Hauptbahnhof, kumene mzere wake unali ngati wa feteleza wa makuponi. Gulani Loweruka. Ife tinathera ku Mauerpark, kumene Lamulungu kumakhala msika wa kaunjika ndi zakalezakale, ndipo ana tinawagulira chokoleti cha pabwalo la ndege pamtengo wolira nawo.

Pobwerera tinagulanso ABC. Achemwali anandigwira mkono mpaka pa kabokosi kaja, ndinadinda yanga iwo akuyang'anitsitsa, anadinda yawo, tinaonetsana zidindo. Ulendo wonse mpaka ku bwalo la ndege tikiti inali m'manja, ndikudikira anyamata aja. Sanabwere.