Momwe ndinapezera anthu odula injini ya Datsun yanga ku Joni

Datsun 1400 yanga ndi ya 1981. Ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Turffontein amene ndinkamukhomera makabati, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi imene yakhala ikundinyamulira matabwa ndi zipangizo. Timagalimoto tonyamula katundu timeneti tinkapangidwa ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, mpaka 2008. Olankhula Chibunu amatitcha kanniedood, kutanthauza chinthu chosafa. Kanga kanayamba kutulutsa utsi wabuluu m'mawa uliwonse, kenako kumwa oyilo, mpaka tsiku lina kanawira pa msewu wa M2 ndili ndi zitseko za kasitomala kumbuyo. Nditasolola kachitsulo koyezera, oyilo anali ngati tiyi wa mkaka. Gasiketi, imene imatchinga madzi ndi oyilo kuti zisasakanikirane mu injini, inali itapsa.

Anzanga a ku Rosettenville anandiuza kuti ndingogula injini ina ku sikirapu. Ndinakana. Injini ya ku sikirapu sudziwa kumene yadutsa, komanso ukasintha injini nambala yake imasiyana ndi ya pamapepala, ndiye uyambe kuyendera chilolezo cha apolisi ndi kukasinthitsa ku ofesi ya malaisensi. Kwa ife obwera, mzere uliwonse wa ku ofesi ndi tsiku la ganyu lotayika. Ndinasankha kuukitsa yomweyo.

Choyamba chimene ndinaphunzira n'chakuti makanika ndi wodula injini ndi anthu awiri osiyana. Makanika amatsitsa injini, kuimasula ndi kuimanganso. Koma kukulitsa mabowo a pisitoni, kupala hedi (chivundikiro cha pamwamba pa injini) ndi kupera kalankishafuti (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza) zimachitikira kwina, kumalo a makina amene kuno amangoti engineering. Mukamva makanika akuti "hedi ndaitumiza ku engineering", dziwani kuti ntchito yofunika kwambiri ikugwiridwa ndi munthu amene simunamuone. Ine ndinafuna kumuona ndi maso.

Makanika wanga, mnyamata wa ku Balaka, anamasula zonse pabwalo la nyumba imene ndimachita lendi. Tinakulunga kalankishafuti m'bulangete lakale, ma cap a ma bearing tinawalemba manambala kuti asasokonezeke, n'kukweza buloko, thunthu la injini lokhala ndi mabowo a pisitoni, pagalimoto ya mnzathu.

Malo oyamba anali kum'mawa kwa tauni. Mwini wake anangopisa chala m'bowo limodzi, n'kukanda ndi chikhadabo, basi n'kutchula mtengo. Anati adula milimita imodzi yathunthu kuti injini ikhale ndi mphamvu, ndipo dipoziti ikhale kashi, pepala adzalemba pomaliza. Buloko ndinabwerera nayo, koma hedi ndinawasiyira kuti aiyeze ngati ili ndi mng'alu. Masabata atatu anatha ndikumva za magetsi othima. Nditapita kukaitenga ndinaipeza pansi pakona, yosatsuka n'komwe, ili pamodzi ndi mahedi ena asanu opanda chizindikiro cha mwini. Ndinaizindikira chifukwa cha penti yofiira imene ndinadontheza pambali. Mtima unandiwawa, komabe ndinathokoza kuti sanaikhudze ndi makina.

Njira inatseguka ku Modderfontein. Kumeneko kuli kalabu ya Piston Ring, kumene eni galimoto zakale amakumana Lamlungu lina pamwezi. Ndinayenda pakati pa ma Cortina, ma Beetle ndi ma Peugeot 404 onga amene tinkawaona kwathu tili ana, n'kumaima pa Datsun iliyonse yotsegula boneti. Sindinkafunsa kuti malo abwino ndi ati, chifukwa aliyense amatchula a mnzake. Ndinkafunsa kuti buloko yanu anadula ndani, liti, ndipo mwayenda makilomita angati chidulireni. Anthu atatu osadziwana anatchula malo amodzi a ku Germiston, ndipo mmodzi anawonjezera kuti amachedwa. Kuchedwako sikunandiopse. Nditafika kunyumba ndinaonanso ngati ali mamembala a RMI, bungwe la amalonda a zagalimoto kuno, limene lili ndi nthambi ya okonzanso injini yotchedwa ARA. Anali momwemo. Chikwangwani cha bungwe sichidula buloko, koma chimatanthauza kuti zikavuta pali khomo lokagogoda.

Ndinafika Lachiwiri m'mawa. Pansi panali posesa. Chitsulo chilichonse chinali ndi kakhadi komangirira ndi waya, kolembedwa nambala ya ntchito. Ndipo amene anabwera kudzalandira buloko anali madala a imvi, amene atamva ndikulankhula ndi makanika wanga anamwetulira.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Ntcheu, bambo."

"Ine wa ku Nkhata Bay. Tsitsani bwino, musagwetse. Lero sinditchula mtengo. Titsuke kaye, tiyeze, kenako tikambirane."

Mawu amenewo ndi amene ndinkafuna kumva kwa mwezi wathunthu.

Patapita masiku anayi anandiitana kuti ndidzaonerere kuyeza. Apa m'pamene ndikufuna ndikhalitse, chifukwa munthu amene sanaonepo sangamvetse chimene akulipira. Injini ya A14 ndi ya 1,397 cc, bowo lililonse likamachoka ku fakitale limakhala mamilimita 76. Madala aja anatenga choyezera chokhala ndi nkhope ngati wotchi, n'kuyamba achilinganiza ndi choyezera china chotchedwa micrometer. Anachilowetsa m'bowo loyamba pamwamba, pakati ndi pansi, kenako anachitembenuza mopingasa n'kubwerezanso. Miyezo isanu ndi umodzi pa bowo limodzi, yonse akulemba ndi pensulo pakhadi. Anandigwiritsa chala pamwamba pa bowo lachitatu, pamene pali kamzere kotukuka.

"Apa ndi pamene ring ya pamwamba imathera. Pansi pakepa ndiye padyeka kwambiri, chifukwa moto ndi mphamvu zonse zimagwera pamenepa, ndipo oyilo amafikapo wochepa. Bowo lanu silinso lozungulira, ndipo pamwamba n'potakata kuposa pansi. Mukangoika ma ring atsopano, miyezi ingapo utsi ubwereranso."

Ndinawauza za munthu uja wa milimita imodzi. Anapukusa mutu. Mapisitoni okulirapo amabwera m'masitepe, ndipo amene amatchulidwa kwambiri ndi mamilimita 0.50 ndi 1.00. Akuluakulu ozolowera mainchi amati twenty thou ndi forty thou. Buloko yanga inali isanadulidwepo, ndipo 0.50 inali yokwanira kuchotsa kudyeka konse. "Tikalumphira pa 1.00 lero," anatero, "mwana wanu akadzafuna kuikonza adzapeza khoma latha. Chitsulo ndikachidula sindingachibwezere."

Kenako anandiuza chinthu chimene makanika wanga nayenso sankachidziwa bwino: kuti sayatsa makina mapisitoni asanafike. Bowo limadulidwa potsatira pisitoni yeniyeniyo, osati nambala ya pabokosi. Amayeza pisitoni iliyonse, kudula bowo mosiyako pang'ono, n'kumalizitsa ndi miyala ya honing mpaka mpata wa pakati ufike pamene buku likunena. Mpata umenewo ndi wochepa kuposa tsitsi la m'mutu. Honing imasiyanso timizere topingasana pakhoma, ndipo timeneto ndi timene timasunga oyilo kuti ma ring akhazikike. Choncho ndinapita kukasaka mapisitoni, ma ring, ma bearing, tcheni cha timing, pampu ya oyilo ndi magasiketi. Mwayi wa galimoto imene inapangidwa kuno zaka zambiri ndi wakuti masitolo a sipeya a ku Booysens ndi mu Jules Street amaidziwa. Ndinangosamala kuti ndisatengeke ndi zotchipa zopanda dzina.

Kalankishafuti anaiyeza n'kunena kuti sikufunika kupera, ingopukutidwa basi, ndipo ma bearing akhale a saizi yoyamba. Apa ndinawakhulupirira kotheratu, chifukwa kupera kukanawabweretsera ndalama zambiri ndipo ine sindikanadziwa kusiyana kwake.

Hedi ya injini imeneyi ndi ya aluminiyamu pamene buloko ndi ya chitsulo, ndipo injini ikawira aluminiyamu ndi amene amayamba kupindika. Anaitseka mabowo a madzi, kuipopera mpweya, n'kuimiza m'thanki ya madzi otentha. Tinaima tonse kuyang'ana ngati patuluke thovu. Sipanatuluke kanthu. Ataika chitsulo chowongoka pamwamba pake, kachitsulo kopyapyala koyezera kanalowa pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu, ndiye anapala pang'ono pokha pofunika. Ndinafunsanso za pokhalira ma valve, popeza galimotoyi inapangidwa nthawi ya petulo wa lead, amene ankateteza pokhalirapo kuti pasadyeke, koma South Africa inasiya kumugulitsa mu 2006. Anaziyang'ana, nanena kuti zikadali zolimba, zingodulidwanso nkhope, koma ma guide awiri, timachubu modutsa ma valve, anali atakula ndipo anawasintha.

Kotesheni inabwera yolembedwa, ntchito iliyonse ndi mtengo wake, ndipo pansi pake nambala ya injini yanga. Ndinawapempha kuti nambalayo isafufutike pa buloko, ndiponso kuti zitsulo zakale andibwezere. Abale anga ambiri amaopa kufunsa pepala poganiza kuti malamulo akuno ndi a nzika zokha. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limapereka chitsimikizo cha miyezi itatu pa sipeya yoikidwa pokonza ndi ntchito yoiikayo, ndipo zikakanika kumvana kuli ofesi ya Motor Industry Ombudsman. Koma popanda risiti mudzayambira pati? Musapereke dipoziti pamanja chabe, ngakhale wolandirayo akhale wakwanu.

Ntchito inatenga masabata asanu. Buloko inabwera itakulungidwa m'pulasitiki, ma welsh plug onse, tizivundikiro totseka njira za madzi, atsopano, khadi la miyezo litamatidwa pamwamba. Madala aja anatiperekeza mpaka pageti ndi malangizo. Titsuke mabowo ndi madzi otentha a sopo ndi burashi mpaka nsalu yoyera ituluke yoyera, chifukwa fumbi la miyala ya honing likatsalira limadya ma ring ndi ma bearing. Tiyeze mpata wa ma bearing ndi Plastigauge, kaulusi ka pulasitiki koyezera, tisanamange, ngakhale iwo anayeza kale. Ndipo tisabwezere radiator yakale osaitsukitsa, poti ndi imene inayambitsa zonsezi. Inapezekadi yotsekeka pafupifupi theka.

Tinamanga Loweruka ndi Lamlungu, mabawuti onse ndi torque wrench yobwereka. Tisanalize tinachotsa mapulagi n'kuzungulitsa injini mpaka nyali ya oyilo itazima. Inalira kachiwiri. Makilomita 1,000 oyambirira ndinayenda wopanda katundu wolemera, osaisiya ikungolira malo amodzi, ndikusinthasintha liwiro pamsewu wa ku Heidelberg. Kenako tinataya oyilo ndi fyuluta, kumanganso mabawuti a hedi, ndi kutchera mpata wa ma valve pa mamilimita 0.35 injini ili yotentha.

Sabata yatha ndinadutsa ku Germiston ndi matumba a simenti kumbuyo, ndipo ndinaima kuti madala aja aimve. Anaika nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa buloko, chogwirira chake pakhutu, n'kumvetsera nthawi yaitali maso ali chotseka. Kenako anazungulira kumbuyo, anapisa chala m'paipi ya utsi, n'kundionetsa. Chinali chouma.

"Pitani, achimwene. Mubwere pa makilomita 5,000 tidzaonenso."