Buledi wa mumtondo: mmene ndinapezera wopanda soya

Kuno ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, tiyi wam'mawa amayendera limodzi ndi pão, buledi wa tirigu. Tsono tsiku limene adokotala anandiuza kuti shuga wanga wakwera, ndichepetse nsima, mbatatesi ndi buledi, chomwe chinandipweteka mtima kwambiri chinali bulediyo. Vuto langa linali pawiri, chifukwa soya sandiyanja chiyambire ndili mtsikana. Ndikangomulawa thupi limatuluka zidzolo, milomo n'kutupa. Ndipo Angónia muno soya timalima tokha, ali paliponse.

Ndinayambira ku padaria komwe ndinkagula masiku onse.

"Achimwene, m'buledi wanuyu mumathiramo chiyani?"

"Ufa wa tirigu, madzi, mchere, yisiti ndi melhorador, mayi."

Ndinapempha kuti andionetse paketi ya melhorador uja, ufa wothandiza kuti buledi afufume bwino. Pakati pa timalemba tating'onoting'ono panali mawu akuti farinha de soja, kutanthauza ufa wa soya. Apo ndinazindikira chifukwa chake masiku ena ndinkadzikanda ndikamwa tiyi. Komabe ngakhale soya akanapanda kukhalamo, tirigu yekhayo ndi mlandu: pa magalamu 100 a ufa wake, oposa 70 ndi chakudya chosanduka shuga m'thupi.

Kumapeto kwa mwezi ndinakwera chapa, minibasi yakuno, kupita ku Tete, ndinawoloka Zambezi, n'kuyamba kulowa sitolo ndi sitolo. Kumeneko ndi komwe ndinaphunzira kuwerenga mapaketi. Choyamba ndimayang'ana mawu akuti soja, lecitina de soja, kapena nambala E322, yomwe nthawi zambiri imachokera ku soya. Akangolemba óleo vegetal, mafuta ochokera ku mbewu, osatchula mbewu yake, ndimabweza pa shelefu. Kenako ndimaona mzere wa hidratos de carbono, chakudya chosanduka shuga m'thupi chija.

Chomwe chinatsala pang'ono kundipusitsa ndi buledi wolembedwa sem glúten, kutanthauza wopanda ulimbo wa tirigu. Ndinaganiza kuti ndapeza, koma nditawerenga ndinapeza kuti ndi ufa wa mpunga, wa chimanga ndi wa chinangwa, zomwe zimakweza shuga mofanana ndi tirigu yemweyo. Ufa wa amêndoa, mtedza wa mumtengo wotchedwa alimondi, ndinauona m'sitolo imodzi, koma mtengo wake sukanatheka pakhomo panga. Ndinabwerera chimanjamanja.

Yankho linachokera kwa apongozi anga. Atamva nkhani yonse anati, "Mwanawe, nanga nthanga za maungu zili m'lichero zija n'zantchito yanji?"

Ndimakazinga nthangazo pang'ono, n'kuzisenda, ndi kuzisinja mumtondo limodzi ndi chitowe, kenako kusefa. Kuchigayo sindipita nazo, chifukwa anthu amagayitsa komweko chimanga chosakaniza ndi soya cha phala la ana, ndipo ufa wotsalira m'makina ungandidwalitse. Nsinjiro ndimathirako pang'ono, koma ndinayamba ndafunsa kuchipatala, poti mtedza ndi soya ndi banja limodzi ndipo ena amadwala nazo zonse ziwiri. Mtedza wake ndimasankha umodziumodzi, wachuku ndimataya.

Pa makapu awiri a ufa umenewu ndimaswera mazira 4, masupuni awiri a mafuta a mpendadzuwa, kamchere, theka la supuni yaing'ono ya soda ndi madzi a ndimu limodzi. Yisiti sindithira, chifukwa ufawu ulibe ulimbo wa tirigu wogwira mpweya. Amene amamanga buledi ndi mazirawo. Ndimaphika ngati chigumu, pambaula, makala ochepa pansi ndi ena pachivundikiro, mphindi ngati 40. Moto ukachuluka amapsa kunja m'kati muli muwisi, chifukwa nthanga zili ndi mafuta ambiri. Mikate iwiri yoyamba inathera momwemo.

Tsiku lina nthanga zitandithera ndinasinja mpendadzuwa, ndipo buledi atazirala anasanduka wobiriwira m'kati. Ndinachita mantha, koma ndinadzamva kuti mpendadzuwa ukakumana ndi soda umatero ndithu, sikuti wawonongeka. Ndikawonjezera mandimu kubiriwirako kumachepa.

Buledi ameneyu ndi wolemera, safufuma ngati pão, ndipo chifukwa cha mazira sakhalitsa, kotero ndimaphika wamasiku awiri okha. Zidutswa ziwiri ndi peyala zimandifikitsa masana osamva njala. Chaka chino ndapempha bambo a ana kuti m'munda mwa chimanga tichulutse maungu, ndipo anansi ndawauza kuti nthanga asamataye, ndizigula.