Musanazule AC ya galimoto yakale, tikambirane kaye

AC ya galimoto yakale ikangosiya kuzizira, anthu ambiri amathamangira kunena kuti aaa zichoke zonsezi, zikungolemetsa galimoto ndi kudya mafuta. Ine magalimoto akale ndimawakonda, ndiye zimandipweteka zedi kutsegula boneti nkupeza mapaipi odulidwa ndi sowo, mawaya akulendewera, kondensa, karediyeta ka AC kotaya kutentha, inatayidwa kalekale, chonsecho mwina vuto linali kalabala kamodzi kotha komwe gasi ankathawira.

Nkhani ya mafutayo tiyambe taithetsa. Kutsogolo kwa kompuresa, pampu yozungulitsa gasi wa AC, kuli kilachi yamagetsi, mukapanda kuyatsa AC pule imangozungulira yokha pa beringi, mkatimo simuyenda kanthu. Ndiye AC yakufa siimwa mafuta oti mungawaone pa geji ayi. Pomwe muyenera kuchita mantha mpomwe beringi ya puleyo yayamba kulira, chifukwa ikagwira imadula beluti, ndipo ngati injini yanu ili ya beluti imodzi yoyendetsa zonse ndiye kuti olutaneta yaima, pawa sitiyaringi yaima, pa injini zambiri ngakhale pampu ya madzi, galimoto nkuyamba kutentha muli panjira.

Kenako yang'anani sitika pansi pa boneti kapena pa kompuresa, imanena gasi amene munali. Galimoto yopangidwa chisanafike cha m'ma 1992 mpaka 1995 kawirikawiri ndi ya R-12, uja ambiri amangoti Freon. Gasi ameneyu ankaziziritsa bwino heve, palibe angatsutse, koma mu 1974 Mario Molina ndi Sherwood Rowland anaonetsa kuti gasi wa mtundu umenewu akakwera kumwamba amaononga ozone, yomwe imatitchinga ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo mu 1985 zinadziwika kuti pamwamba pa Antarctica ozone yaperepeseka kwambiri. Mu 1987 maiko anasainirana pangano ku Montreal, maiko olemera anasiya kupanga R-12 pofika 1996, otukuka kumene anapatsidwa mpaka 2010. Mpake lero kumupeza kumavuta, ndipo wina akakuuzani kuti ali naye mufunse bwino kuti mubotolomo muli chiyani kwenikweni.

Tsono kusintha kuti galimoto idzigwiritsa R-134a, gasi amene analowa mmalo mwa R-12, ndizotheka, ambiri anachita ndipo zikuyenda, koma si zongomanga paipi nkuthira gasi ayi. Vuto lalikulu ndi oyilo. Kompuresa imadalira oyilo amene amazungulira limodzi ndi gasi, R-12 ankayenda ndi mineral oil, pomwe R-134a sasakanikirana naye, ndiye oyilo uja amangokhala pansi penapake gasi nkumazungulira yekha, kompuresa nkumagwira ntchito youma mpaka kuphwanyika mkati, ndipo tizitsulo take timamwazika mmapaipi monse. Ndiye oyilo wakale achoke, mapaipi ndi kondensa zitsukidwe, muthire oyilo wa PAG kapena wa ester. Ine ndimakonda ester pa galimoto yosinthidwa chifukwa sakangana ndi wakale wotsalira pang'ono mmakona. Drier, kabotolo kaja kokoka chinyontho, musinthe basi osanyinyirika, makamaka ngati sisitimu yakhala yotsegula kwa nthawi. Ma O-ring onse, timalabala totseka polumikizira mapaipi, muike atsopano, obiriwira aja a HNBR. Mavavu othirira gasi nawo ndi osiyana, a R-12 ndi omanga ngati vavu ya tayala pomwe a R-134a ndi ongokanikiza, ndiye pamafunika ma adaputa.

Zikatha izi makanika akoke vakyumu, ndiye kuti ayamwe mpweya ndi chinyontho mmapaipimo ndi pampu, kwa mphindi 30 kapena kuposa, azimitse pampu nkudikira aone ngati singano ya geji ikubwerera, ikabwerera penapake pakutaya, musathire gasi. Pothira, R-134a amalowa wochepa kusiyana ndi zomwe sitika yakale ikunena, cha m'ma 80 mpaka 85 peresenti, ndipo ayezedwe pa sikelo osati kungogwira paipi nkumati yazizira. Mukadzaza kwambiri presha imakwera, kuzizira nkumachepanso. Muikenso sitika yatsopano yonena gasi ndi oyilo amene muli, kuchitira makanika amene adzaigwire mtsogolo.

Dziwirani nkale kuti pa jamu, galimoto itaima, mwina sizizizira ngati kale. R-134a amayenda pa presha yokwererapo ndipo makondensa akale sataya kutentha mwachangu. Kuika kondensa yamakono ya parallel flow ndi fani yamagetsi yamphamvu kumasintha zinthu kwambiri, ndipo ngati ndalama zilipo zongokwanira ntchito imodzi yoonjezera, ine ndingasankhe imeneyi.

Chonde chonde abale, gasi wophikira asalowe mu AC. Inde amaziziritsa, koma amayaka, ndipo evaporator, kachipangizo komwe gasiyo amadutsamo poziziritsa mpweya, ili mkati mwa dashibodi pafupi ndi maondo anu ndi a ana anu.

Nanga ofuna kuchotseratu? Zifukwa zomveka zilipo, kompuresa inaphwanyika ndipo ina sikupezeka, kapena galimotoyo ndi ya mpikisano, kapena mukusintha injini malo achepa. Palibe cholakwa. Koma gasi wotsala akokedwe ndi makina, osamasula nati kuti apite mumpweya, maiko ambiri amaletsa ndithu ndipo akakugwerani pakhungu kapena mmaso amaumitsa mnofu ndi kuzizira pompo. R-134a naye sikuti ndi wosalakwa, saononga ozone koma amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide ka 1,430, nchifukwa chake magalimoto atsopano ambiri anasamukira ku R-1234yf.

Ngati kompuresa ili ndi beluti yakeyake, ntchito ndi yophweka, chotsani belutiyo mwamaliza. Ngati ili ya beluti imodzi mufunika bypass pulley yokhala pamalo pa kompuresa, kapena beluti yaifupi ngati njira yake ikulola, ndipo muonetsetse kuti pampu ya madzi ikuzungulirabe mbali yoyenera. Fani ya kutsogolo kwa kondensa musaichotse musanafufuze, pa magalimoto ena imathandizanso rediyeta injini ikatentha. Evaporator ingoisiyani mkatimo, kuichotsa kumafuna kugwetsa dashibodi yonse ndipo mapulasitiki a zaka 30 amathyoka mukangowakhudza, mungotseka mapaipi ake kuti fumbi lisalowe. Mawaya muwakulunge bwino osadula, mabulaketi ndi mabauti musunge mukatoni, chifukwa kompuresa ina mutha kudzaipeza koma bulaketi ya injini imeneyo ndiyo imasowetsa anthu mtendere.

Chinanso, AC imaumitsa mpweya, ndiye nthawi ya mvula ndi imene imachotsa nthunzi pa galasi lakutsogolo mwachangu. Mukaichotsa ntchito imeneyo yatsalira hita ndi bulowa, choncho musanatseke boneti yesani ngati hita ikutenthetsa, bulowa ikuuzira pa masipidi onse komanso ngati mpweya ukufikadi ku galasi.