Zikomo Aphunzitsi, nyimbo ya bambo yalira pa nsambo

Zatheka abale anga. Loweruka lapitali nyimbo ya malemu bambo inalira pa vayolini ziwiri, viyola ndi chelo, ine nditakhala kumbuyo kwenikweni kwa holo, manja akunjenjemera. Thupi likadali lophwanyika ndipo tulo sitinabwerebe bwino, koma ndikati ndiyambe ndapuma ndiiwala anthu ena, ndiye ndilemba lero lomwe.

Za maliro mukuzidziwa. Za matenda amene anandigwetsa pambuyo pake mukuzidziwanso, sindibwereza. Bambo sanasiye chuma. Anasiya kaligo, choimbira chija cha nsambo imodzi, ndi kanyimbo kamene ndinawajambula pa foni ali pakhonde kwathu ku Dedza, nkhuku zikusokosa kumbuyo. Kanyimbo kafupi, kongozungulira pomwepo. Ndi kameneko ndinabwera nako m'gulu lathu la pa WhatsApp la opeka nyimbo, n'kunena kuti ndikufuna kukalembera ma variation, kuti kabwerezedwe kambirimbiri koma ulendo uliwonse katavala zina. M'gulumo muli namwino, wogulitsa zida za galimoto ku Joni, mphunzitsi wa masamu, ndi ife a makwaya amene tinakulira pa d r m f s. Palibe amadyera nyimbo.

Aphunzitsi athu a ku Zomba, dzina lanu munandiletsa kulitchula, ndamvera. Koma aliyense m'gulumo akudziwa kuti ndikunena inu.

Nditatumiza zoyamba, anthu anaika timitima ndi manja owomba. Inu munatumiza voice note yaitali, yoyamba ndi kutsokomola, kenako munati: "Mwana wanga, apa mwalemba kwaya. Nsambo sizinayambe kulira." Ndinakwiya usiku wonse. Chimene munkanena n'chakuti vayolini yoyamba ndinaisandutsa soprano, yachiwiri alto, viyola tenor, chelo bass, onse akuyenda phazi limodzi monga timaimbira nyimbo za m'buku Lamulungu m'mawa. M'mawa mwake munanditumizira Haydn, quartet ija ya 1797, nyimbo ya zoimbira za nsambo zinayi, imene amaitcha Emperor, munati ndimvere gawo lachiwiri lokha. Mmenemo nyimbo yeniyeniyo sisintha. Vayolini yoyamba ikaiyamba, imanyamulidwa ndi vayolini yachiwiri, kenako chelo, kenako viyola, pomaliza n'kubwerera kwa vayolini yoyamba, ndipo chimene chikusintha ndi zimene anzakewo akuchita mozungulira. Munati munthu amene anakulira m'nyimbo za wotsogolera ndi ovomera sayenera kudabwa nazo zimenezi, kwathu nyimbo timapatsirana kale. Apo m'pamene maso anatseguka.

Kompyuta ilibe mkono, abale. MuseScore, pulogalamu yolembera manotsi a nyimbo, ndi yaulere, Mulungu adalitse amene anaipanga, koma imaliza chilichonse chimene waipatsa osadandaula. Uta wokhwekhwezera nsambo uli ndi polekezera. Ukalemba notsi yaitali, yokweza, n'kunena kuti iyende pa uta umodzi, woimba amathera panjira. Manotsi awiri pa nthawi imodzi amafuna nsambo ziwiri zoyandikana, sangatuluke pa nsambo imodzi. Woimba akamachoka pa uta kupita pa pizzicato, kukodola ndi chala kuja, amafunika kampata koti dzanja lisinthe. Vayolini imathera pa G kunsi kwake, ukafuna kutsika kuposa apo pempha viyola, imene imafika pa C, ndipo manotsi ake ulembe mu alto clef, kalembedwe kake ka viyola, osati kumuzunza munthu ndi timizere towonjezera. Zonsezi sindinaziwerenge m'buku. Aphunzitsi ankatenga viyola yawo, zala zili ndi nyamakazi, n'kuimba malo ovutawo pa foni kuti ndimve ndekha pamene pakukanika. Nthawi zina ankangoliza, osanena kanthu, n'kudula. Ndinkamva.

Ndipo zimenezi zinkachitika ine ndili gone. Masiku ena sindinkafuna kuona munthu, chakudya chinkabwerera mmene chabwerera. Uthenga wanu unkafika basi: "Bar 24 ija mwaikonza?" Simunandifunsepo kuti mtima uli bwanji. Munkandifunsa za bar 24, kachigawo ka nambala 24 ka nyimboyo, ndipo kuti ndikuyankheni ndinkayenera kudzuka, kusamba, kuyatsa laputopu magetsi akakhalapo. Mkazi wanga akuti munamuthandiza ntchito imene iye inamukanika.

Pa variation yachitatu gulu linagawikana, ndipo mkanganowo ndimaukondabe. Manotsi ena a bambo sapezeka pa kiyibodi, amagwera pakati pa makiyi awiri. Achimwene a ku Joni ankati ndiwawongole kuti oimba asavutike. Achemwali a ku Lusaka ankati ndikawongola ndiye kuti nyimbo si ya bambonso, ndipo mawuwo anandilasa. Aphunzitsi anangoti vayolini ilibe mafureti ngati gitala, chala chikhoza kuima paliponse, tsono ndilembe notsi yoyandikira, ndiike chizindikiro choti chala chitsetserekere, ndipo oimba ndiwamvetsere kaye foni ija asanaone pepala. Anawonjezera kuti uta uyende pafupi ndi kamlatho konyamula nsambo, sul ponticello, kuti mawu akhale okhakhala. Chelo ingogwira nsambo ya D yosadinidwa, osasuntha. Loweruka atafika pamenepo, azakhali anga amene sanaonepo chelo chibadwire anafuula kuti "Achimwene awo!" n'kuyamba kulira. Achemwali a ku Lusaka, munali olondola, zikomo pokana kundisangalatsa. Achimwene a ku Joni, pa mkangano munagonja koma nsambo ya chelo imene inaduka munaitumiza ndinu pa basi, ndalama yake mpaka lero mukukana. Ambuye akubwezereni pamene mwachotsapo.

Variation yachisanu, yothamanga ija, ine ndimaikonda koma Aphunzitsi saikonda mpaka pano. Akuti nyimbo inasochera, kwangotsala kugunda kwake kokha. Ine ndinati Schubert, mu quartet yake ya 1824, ali ndi variation imene imathamanga ngati akavalo chonchi ndipo palibe anamumanga. Anaseka, anati Schubert sanataye mayendedwe a ma chord ake, ine ndataya zonse. Ndinaisiya mmene ilili. Ndi malo okhawo amene sindinawamvere, ndipo pa tsikulo anaiimba ndi mtima wonse osaonetsa nkhope.

Inde, anaimba okha. Anakwera basi kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe viyola ili pamiyendo, munthu wamkulu ngati uja, ife titawauza kuti tipeza wina. Anati wina ndani? Kuno woimba viyola umachita kumusaka. Atsikana awiri a vayolini, mwana wanga wamkazi akuti akufuna kukhala ngati inu, mwandibweretsera mlandu wogula chida. Mayi wa chelo, munkabwera ku mapulakatisi mutachoka kuntchito, mwana ali kumsana, ndipo magetsi atathima munawerenga manotsi ndi tochi ya foni. Sister wathu namwino, munkayang'ana manotsi anga pa night duty, n'kundipezera ma bar osakwana mabiti. Aphunzitsi a masamu, mapepala onse a oimba munasindikiza ndi ndalama zanu. Abusa amene munatipatsa holo osafunsa kuti nyimbo ya kaligo ikudzatani pa malo a tchalitchi, munangotikumbutsa kuti Salimo 150 imatchula zoimbira za nsambo, zikomo.

Palinso ena. Munati izi n'zachizungu, ndikanangojambula kanyimbo ka gospel n'kupeza kangachepe. Ena uthenga munkauona, timizere tiwiri tija n'kubiriwira, zii. Pa maliro sindinakuoneni, kuchipatala sindinakuoneni, koma Loweruka madzulo munali oyamba kupempha vidiyo. Ndikutumizirani, musadandaule.

Aphunzitsi, munandiuza kuti Elgar mu 1899 analemba ma variation 14, pafupifupi iliyonse ikujambula munthu wa pafupi naye, mayina atabisidwa. Munkangocheza, koma ine ndinasunga. Variation yomaliza ija, imene viyola imatsogolera yokha ena atatu akuivomera pansipansi, pamwamba pa pepala lanu ndinangolembapo chilembo chimodzi. Munafunsa pa pulakatisi kuti chikutanthauza chiyani, ndinati ndi kompyuta yalakwitsa. Sinalakwitse. Ndi yanu bambo. Atate wakumwamba, amene munanditengera bambo mmodzi n'kundibwereka wina, sungani zala za munthu ameneyu, chotsani nyamakazi, muwonjezereni masiku. Amen.

Vidiyo ikubwera ndikagula bandulo, phokoso la ana lilimo, mupirire. A m'gulu, tsopano ndi nthawi ya Sister, trio yawo, nyimbo ya zoimbira zitatu, yakhala ikudikira ine ndithe, tiyeni tiimvere sabata ino ndipo tinene zoona, timitima tokha ayi. Komanso akumudzi apempha kuti pa tsiku lovundukula chiliza cha bambo oimba anayiwa adzaimbe ku Dedza komweko, ndipo onse avomera. Vuto ndi chelo. Mu minibasi singalowe osathyoka, ndiye amene ali ndi galimoto yoti mpando wakumbuyo umagona andipeze ku inbox, mafuta ndithira ine.